Ufulu Wotsala Kumudzi: Ntchito ndi Umunthu kwa Dambe

Dera la Mfumu Yaikulu Dambe, m'boma la Mchinji, lili m'chigawo chimene chimakolola mtedza, soya, chimanga ndi fodya wochuluka, komabe chaka ndi chaka achinyamata ake amanka ku Lilongwe, kuminda ya ku Chipata m'dziko la Zambia, ngakhalenso ku Joni, kukasaka maganyu. Akatswiri a zachuma amayesa nkhaniyi ndi ndalama zimene opitawo amatumiza kwawo, koma pali funso lina limene masamu sangayankhe, ndilo lakuti kodi mudzi umene ukudya bwino ndi ndalama zochokera kutali, pamene ana ake amphamvu kulibe, ungatchedwebe mudzi wamoyo?

Nzeru za makolo zotchedwa umunthu, zimene zimaphunzitsa kuti munthu amakwanira kukhala munthu kudzera mwa anzake, zimaika mtima pa kupezeka, pakuti maudindo aakulu a m'mudzi wa Achewa sagwirika ndi munthu amene ali kutali. Adzukulu, amene amakumba manda ndi kunyamula maliro, ayenera kukhala ndi khasu m'manja m'mamawa wa tsiku loika. Nkhoswe, imene imaimira banja ndi kuluzanitsa okwatirana akayambana, iyenera kukhala pamphasa n'kumva mbali zonse ziwiri. Wodwazika matenda amagona pambali pa wodwalayo. Ndalama yobwera pafoni imagula bokosi ndi ufa wa pamaliro, ndipo si chinthu chochepa, koma siisenza chitanda. Dziko lino linaziona kale zimenezi m'nthawi ya Wenela, bungwe limene linkalemba amuna ntchito za m'migodi ya ku South Africa mpaka boma litaimitsa kulembako mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi ambiri. Amene sanabwerenso ankatchedwa machona, ndipo akazi ndi ana awo ndiwo anasenza mtolo wa midzi yopanda amuna.

Chikhristu, chimene chinazika mizu ku Mchinji kudzera m'mishoni monga Kachebere ndi Kapiri, chimafika pamfundo yomweyi podzera njira ina. M'buku la Genesis munthu akupatsidwa munda kuti aulime ndi kuusamalira asanachimwe, kutanthauza kuti ntchito inali gawo la ulemerero wake kuyambira pachiyambi, ndipo temberero linangoiwonjezera thukuta ndi minga. Papa John Paul II, m'kalata yake ya 1981 yotchedwa Laborem Exercens, anatsindika kuti ntchito imalemekezeka chifukwa cha munthu woigwirayo, ndiponso kuti wantchito ayenera kutsogola, mpamba n'kubwera pambuyo. Potero kusowa ntchito kumapweteka munthu pawiri: kumam'landa chakudya, kumam'landanso mwayi wokhala wofunika kwa abale ake. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji konkuno mu 2006, njoyenera kuyamikidwa chifukwa imathandiza mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wotha kugwira ntchito, monga agogo olera ana amasiye. Koma mnyamata wa manja awiri amene watsiriza Fomu 4 safuna kulandira, amafuna kuti wina afune luso lake.

Wina angatsutse kuti kuyenda si tchimo, ndipo angakhale akunena zoona, pakuti Abrahamu anasiya dziko la atate ake, Achewa eniake anachokera ku Uluwa, Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni anachokera kumwera, ndipo malire a Mchinji ndi Chipata anadula pakati mabanja amene mpaka lero amalamba kwa Kalonga Gawa Undi mmodzi ku Mkaika. Palibe chipembedzo kapena mwambo umene ungamange mwana pamtengo wa kwawo. Kusiyana kuli pakati pa munthu amene wasankha kupita ndi munthu amene wathamangitsidwa ndi njala. Woyambayo akugwiritsa ntchito ufulu wake, pamene wachiwiriyo walandidwa ufulu wina umene sutchulidwa kawirikawiri, ufulu wotsala kwawo osafa ndi usiwa.

Ufulu umenewu sunatayike wokha. Kwa zaka zambiri lamulo linkalola maesiteti okha kulima fodya wa bale, kufikira pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa cha m'ma 1990, kotero kuti mlimi wamba ankakhala tenanti, ndiko kuti wolima m'munda wa mwini, wodya ngongole ya chimanga imene inkadulidwa pa fodya wake pamapeto a chaka. Lero chosautsa n'china: mavenda amagula mtedza ndi soya nthawi yokolola, mitengo ili pansi, mlimi atapanikizika ndi fizi ndi ngongole, ndipo lole ikanyamuka pa Kapiri ndi matumba aja imanyamulanso ntchito yosankha, yokazinga, yoyenga mafuta ndi yopanga chiponde, imene imakagwiridwa m'tauni. Alimi a m'bungwe la NASFAM ku Mchinji anaonetsa kuti zikhoza kutheka mwanjira ina, pamene anagwirizana kusankha ndi kuyeza mtedza wawo mpaka kuugulitsa ku Ulaya pamtengo wabwinopo.

Njanji inafika ku Chipata mu 2010, ndipo chipata chimodzi cha Mwami ndi Mchinji chinatsegulidwa mu 2022 kuti katundu asachedwe pamalire. Zonsezi cholinga chake n'kufulumizitsa kutuluka kwa zokolola, koma sizinena kanthu za amene atsale kwa Dambe. Kutsala kwa anthu kumudzi kudalira magetsi odalirika pamisika ya m'derali, makina oyengera mafuta a makopaletivi, ulimi wothirira m'madambo umene ungapereke chochita m'chilimwe, ndi nkhokwe zosungiramo mbewu kufikira mitengo itakwera. Ndipo mipingo, imene imasonkhanitsa anthu ambiri kuposa bungwe lina lililonse kumudziko, ili ndi udindo wolankhulapo za mtengo wa mtedza monga momwe maepiskopi a Katolika analankhulira za malipiro ndi mitengo ya zokolola m'kalata yawo ya 1992.