Kodi Ndalama ya Golide Nja Yani?

M'chaka cha 1967 boma la South Africa linayamba kusula ndalama ya golide yotchedwa Krugerrand. Mwa iyo muli golide wolemera magalamu 31. Mbali imodzi kuli nyama yonga gwape, mbali ina kuli nkhope ya Paul Kruger, amene anali mtsogoleri wa Mabunu a ku Transvaal. Ndalamayi siigulira ufa kapena mchere pamsika. Anthu olemera amaigula ndi kuisunga, pakuti golide sachita dzimbiri ndipo chiswe sichimudya.

Boma likaika nkhope pa ndalama limakhala likunena kuti, "Chuma ichi ndi chathu." Koma kodi golideyo anamukumba ndani?

Yankho lili pafupi. Mu Blantyre muli malo okwerera mabasi otchedwa Wenela, amene anthu a ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni amawadziwa bwino. Dzinali ndi la bungwe limene linkalemba amuna ntchito ya kumigodi ya ku Joni. Pofika 1973, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi imeneyo. Iwo ankatsikira pansi pa nthaka, mumdima ndi motentha, naswa miyala ndi kupuma fumbi lake. Ambiri anabwera ndi njinga, masuti ndi malata ofolera nyumba. Enanso anabwera ndi chifuwa chosapola. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 amene anali paulendo wobwerera kwawo anafa. Pamenepo Dr Banda analetsa kulemba anthu ntchitoyo kwa kanthawi. Palibe mmodzi wa amunawa amene nkhope yake inasindikizidwa pa golide.

Ena amati ndalama ilibe mlandu, popeza ndi chitsulo chabe. Koma maiko ena sanaganize motero. Anaona kuti aliyense wogula Krugerrand anali kulimbitsa boma la tsankho, limene linkapondereza anthu akuda. Chifukwa chake m'chaka cha 1985 dziko la America linaletsa kuti ndalamayi ilowe m'dzikomo. Ulamuliro wa tsankho unatha mu 1994, koma nkhope ya Kruger inatsalabe pa ndalamayo.

Enanso amati tsabola wakale sawawa. Mawuwa ndi opepuka kwa munthu amene sanalawe tsabolayo. Kwa nkhalamba yotsokomola usiku, ndi kwa mayi amene analera ana yekha mwamuna atatchona, nkhaniyi si yakale ayi.

Tsono chuma chili ndi mitengo iwiri. Woyamba ndi umene amalengeza amalonda, ndipo umakwera ndi kutsika. Wachiwiri ndi thukuta ndi moyo wa amene anachigwirira ntchito, ndipo umenewu sulembedwa pa ndalama. Munthu wophunzira kuwerenga asalekere pa zilembo zooneka zokha. Pogwira chinthu cha mtengo wapatali azifunsanso kuti, "Anavutikira ichi ndani, nanga analandira zomuyenera kodi?"