Kodi Kupita ndi Mwana Kugombe Nkutaya Nthawi?

Abale ndi alongo m'Chisilamu, muopeni Allah pa ana amene wakusungitsani.

Alipo abambo amene amati kutenga banja kupita nalo kugombe la Chuanga, kufupi ndi Metangula, nkutaya nthawi imene ikadapita ku ukonde, kumsika kapena kumzikiti. Kodi akunena zoona?

Kumbukirani kuti Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iwo) adaswalitsa anthu atanyamula mdzukulu wawo Umama. Powerama ankamtsitsa, poimirira nkumnyamulanso. Tsiku lina adatalikitsa sijida chifukwa mdzukulu wina adawakwera pamsana, ndipo sadafune kumfulumizitsa. Ngati mwana sadaononge Swala ya Mtumiki, angaononge bwanji tsiku lanu?

Komabe kufika naye kunyanja sikokwanira. Mwana ndi amana. Kholo limene maso ali pa foni, mwana ali m'madzi, labweretsa thupi lokha. Kawirikawiri mwana womira sakuwa, ndipo madzi olekeza m'mawondo mwa wamkulu angathe kumtenga. Mwera ukayamba, mafunde saodira. Khalani pamene dzanja lanu lingamfikire.

Akatola chigoba cha nkhono nafunsa amene adachilenga, muyankheni mofatsa, pakuti phunziro la tauhidi layambira pomwepo. Asr ikakwana, swalini pamchenga mosinthana, wina akuyang'anira mwana. Adzakula akudziwa kuti chisangalalo ndi kumvera Allah sizidana.

Tsiku la Kiyama aliyense adzafunsidwa za amene adapatsidwa kuwayang'anira. Allah atipatse maso atcheru ndi mitima yofewa. Amin.