Kodi Kuvomera kwa Wanjala Nkuvomera?

Pangano ndi chinthu chimene anthu amachilemekeza kwambiri. Anthu awiri akamvana pa mtengo wa mbuzi, nagwirana chanza pamaso pa mboni, nkhani imathera pomwepo, ndipo wobwerera m'mbuyo ndiye amaoneka wopanda khalidwe. Ngakhale kubwalo la milandu, woweruza amayamba wafunsa ngati munthu adasaina yekha kapena kudinda chala chake popanda womukakamiza. Komabe lilipo funso lina limene bwalo silifunsa kawirikawiri. Kodi munthu amene sakadatha kukana, nkoyenera kunena kuti adavomera?

Kwa anthu a ku Thyolo funso limeneli si la m'mabuku chabe ayi. Woyenda pa msewu wochokera ku Limbe kulowera ku Thyolo amaona minda ya tiyi itayalana m'mapiri ngati mphasa yobiriwira. Ndi minda ya makampani monga Satemwa, Conforzi, Naming'omba ndi Makandi. M'mizere ya tiyiyo mumakhala amayi ndi abambo, madengu ali kumsana, akuthyola nsonga zanthete: masamba awiri ndi kamphukira kake. Dengu likadzaza limakwera pa sikelo, kalaliki nkulemba makilogalamu. Palibe mmodzi mwa anthu amenewa amene adabwera atamangidwa chingwe. Aliyense adavomera yekha ntchito ndi malipiro ake. Komatu nyengo imene tiyi amaphuka kwambiri, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndi nyengo yomweyo imene chimanga chimakhala chitatha m'nkhokwe. Malo olima ndi ochepa m'bomali chifukwa anthu ndi ochuluka, pomwe nthaka yambiri yachonde ili m'manja mwa maesiteti. Munthu wofika pa geti ya esiteti m'mwezi wa Januwale amakhala atasiya ana akulira njala kunyumba, ndipo pambuyo pake pamakhala patandandalika anzake ofunanso malo omwewo. Akauzidwa malipiro amagwedeza mutu, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kugwedeza mutu kotereku nkosiyana kutalitali ndi kwa wogulitsa mbuzi uja, amene mtengo ukamuipira amangokoka mbuzi yake nkubwerera nayo kukhola.

Mbiri ya derali imasonyeza poyera mmene mawu okoma angabisire goli. Kale mawu akuti thangata ankatanthauza kuthandiza mfumu kapena mnansi pa ntchito ya kumunda. Azungu atatenga malo aakulu m'mapiri a m'chigawo cha Kummwera m'zaka za m'ma 1890, mawuwa adasanduka dzina la lendi yolipira ndi thukuta. Ku Thyolo malo ambiri adali a British Central Africa Company. Alomwe ochuluka, amene ankathawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, adaloledwa kumanga pa malowo atavomera kugwira ntchito mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho wa nyumba. Tsono mweziwo unkawerengedwa pa tikiti, ndipo tsiku limene munthu sadatsirize ndime yake, kapitawo ankatha kukana kulilemba. Motero miyezi iwiri inkatalika ngati ulusi, pamene munda wa mwiniwake unkamera thengo. Wodandaula ankauzidwa kuti asamuke. Asamukire kuti, munthu amene adathawa kale kwawo? Mkwiyo wa thangata udali chimodzi mwa zifukwa za nkhondo ya John Chilembwe mu 1915, ndipo udabukanso m'zipolowe za ku Thyolo mu Ogasiti 1953. Thangata adathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Chodabwitsa nchakuti zaka zonsezo eni malo ankamutchula kuti pangano, ndipo pa mawu okha sankanama, popeza anthu ankavomeradi.

Kutali ndi Thyolo, m'dziko la America, kuli gulu lina la antchito limene munthu angaseke atamva likufaniziridwa ndi othyola tiyi. Amenewa ndi osewera mpira wa basketball mu ligi ya NBA, anthu otchuka ndi olemera. Sikuti adali otero kuyambira pachiyambi. M'zaka za m'ma 1950 wosewera adalibe penshoni, ndipo timu imene idamulemba poyamba inkatha kumusunga kapena kumugulitsa mmene ifunira. Iye mwini adalibe ufulu wosankha kokasewera. Mu 1954 Bob Cousy wa timu ya Boston Celtics adayambitsa bungwe la osewera, koma eni matimu adakhala akulinyalanyaza kwa zaka zingapo. Zinthu zidatembenuka usiku wina mu Januwale 1964 mumzinda wa Boston. Akatswiri a ligi yonse adasonkhanitsidwa kuti asewere masewero apadera oonetsedwa pa wailesi yakanema. Nthawi itayandikira, oseweraawo adakana kutuluka m'chipinda chovalira pokhapokha atalonjezedwa penshoni. Bwalo lidali litadzaza, makamera ali tcheru, ndipo mkulu wa ligiyo, Walter Kennedy, adagonja. Palibe mfundo yatsopano imene osewera adanena usiku umenewo. Zonse adali atazinena kale. Chatsopano chidali chakuti adakana onse pamodzi, pa ola limene eni matimu sakadatha kupeza ena owalowa m'malo.

Pambuyo pake mapangano adayamba kutsatizana. Mlandu umene Oscar Robertson adatsegula mu 1970 m'dzina la osewera onse udatha mu 1976, ndipo udatsegula njira yoti wosewera azitha kusamukira ku timu ina kontirakiti yake ikatha. Mu 1983 mbali ziwirizi zidagwirizana chinthu chachilendo: osewera adavomera kuti pakhale malire a ndalama zimene timu ingalipire, eni matimu nawo navomera kuti osewera onse pamodzi azilandira magawo 53 pa magawo 100 alionse a ndalama zolowa mu ligi. Mtendere sudakhalitse nthawi zonse. Mu 1998 eni adatseka mabwalo, ndipo timu iliyonse idasewera masewero 50 okha m'malo mwa 82. Mu 2011 adatsekanso kwa masiku 161, osewera nagonja: gawo lawo lidatsika kuchoka pa 57 kufika cha m'ma 50. Choncho kukhala ndi mphamvu yokana sikutanthauza kupambana nthawi zonse. Kumangotanthauza kuti ngakhale wogonjayo wagonja atayesa kulimba kwa mnzake, ndipo siginecha yake ili ndi kulemera.

Wina angatsutse kuti kufanizira kumeneku nkopanda pake. Katswiri wa basketball ndi wosowa ngati dzino la nkhuku, pomwe wothyola tiyi akachoka lero, mawa m'mawa pamalo pake pali wina. Zimenezi nzoona, ndipo ndicho chifukwa chake wothyola tiyi amafunikira mgwirizano koposa katswiriyo. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Munthu mmodzi akatula dengu pansi esiteti siimva kanthu, koma onse akatula madengu m'nyengo ya mvula, nsonga zimakhwima pa mtengo m'masiku ochepa ndipo makina a m'fakitale amaima. Nyengo imene wantchito ali wofooka chifukwa cha njala ndi yomweyo imene mwini munda ali wofooka chifukwa cha masamba osadikira. Kusiyana kwake nkwakuti mwini munda amadziwa bwino kufooka kwa wantchito, pamene wantchito ali yekhayekha saona kufooka kwa bwana wake.

Njira yoti antchito a m'Malawi alankhule ndi liwu limodzi idatenga nthawi kuti ilambulidwe. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi mabungwe a antchito adali pansi pa chipani, ndipo kunyanyala ntchito kudali kuika moyo pachiswe, mpaka pamene antchito a m'mafakitale a ku Blantyre adanyanyala mu Meyi 1992. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 adavomereza ufulu wolowa m'bungwe la antchito ndi wonyanyala ntchito, ndipo lamulo loona za ubale wa olemba ndi olembedwa ntchito lidatsatira mu 1996. Ngakhale zidali choncho, padapitanso zaka 20 kuti m'minda ya tiyi mukhale pangano la onse. Mu 2016 bungwe la eni minda la Tea Association of Malawi ndi bungwe la antchito la Plantation and Agricultural Workers Union adasainirana pangano loyamba lotere pa za malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito. Lidadza mkati mwa ndondomeko ya Malawi Tea 2020, imene idayamba mu 2015 ndipo idaphatikizamo makampani akunja ogula tiyi. Kwa nthawi yoyamba malipiro a wothyola tiyi adachokera pa kukambirana, osati pa chilengezo chongomatidwa pa khoma la ofesi.

Nkulakwa kuganiza kuti mwini munda alibe mbali yake yoyenera kumvedwa. Mtengo wa tiyi umatenga zaka ukusamalidwa usadayambe kubweza ndalama. Chilala chikagwa masamba amachepa, feteleza ndi mafuta zimakwera mtengo, ndipo mtengo wa tiyi pa okushoni ya ku Limbe suikidwa ndi mwini munda koma ndi ogula, amene amayerekeza tiyi wa kuno ndi wa ku Kenya ndi maiko ena. Esiteti ikagwa, oyamba kugona ndi njala ndi antchito omwewo. Pachifukwa ichi bwana akanena kuti ndalama palibe, nkutheka kuti akunena zoona. Vuto lili pakuti wantchito alibe njira yodziwira ngati zili zoona. Apa ndi pamene pangano la osewera la 1983 lili ndi phunziro lakuya. Pogwirizana kugawana ndalama zolowa, eni matimu adalola kuti mabuku awo aziwerengedwa, chifukwa gawo silingadziwike ngati chinthu chogawanacho chili chobisika. Chaka chikakoma onse amakondwa, chikaipa onse amamva kuwawa. M'minda ya tiyi thukuta la wantchito limayezedwa pa sikelo tsiku ndi tsiku, anthu onse akuona, mpaka kilogalamu yomaliza. Phindu la mwini munda limayezedwa m'chipinda chotseka. Ngati mbali imodzi yokha ndiyo ikwera pa sikelo, ngakhale bwana woona mtima adzakayikiridwa, ndipo kukayikirako sikudzakhala kulakwa kwa wantchito.

Nawo antchito pangano limawamanga. Amene wasaina atakambirana momasuka alibe chifukwa chothira miyala kapena masamba okhwima pansi pa dengu, kapena kutula ntchito pakati pa nyengo popanda kutsata njira zimene iye mwini adavomereza. Ufulu wokana umadza ndi udindo wosunga mawu.

Palinso anthu amene pangano limawakhudza koma sakhala nawo pa tebulo. Mu 1995 osewera a NBA adavomera kuti malipiro a anyamata ongolowa kumene mu ligi akhale ndi malire okhwima. Anyamatawo sadafunsidwe, pakuti panthawiyo adali akadali pasukulu. Akuluakulu adagula mtendere wawo ndi ndalama za ana amene adali asadafike. Zotere zingachitikenso m'minda ya tiyi. Antchito okhazikika, monga oyendetsa mathirakitala, a m'fakitale ndi makalaliki, ndiwo amakhalapo chaka chonse, ndiwo amapereka ndalama za umembala mwezi ndi mwezi, ndipo mwachibadwa ndiwo amamveka kwambiri m'bungwe. Koma ntchito yaikulu yothyola imagwiridwa ndi anthu olembedwa kwa miyezi yowerengeka, ambiri mwa iwo amayi, amene nkhawa zawo ndi zina: kutalika kwa ndime, kulungama kwa sikelo, malo osiyako khanda, ndiponso kapitawo amene angafune zosayenera kuti alembe dzina la mayi chaka chamawa. Mtsogoleri wa bungwe amene sadasenzepo dengu pa mvula ya mu Febuluwale angathe kubwera ndi pangano lokweza malipiro a pa tsiku, osazindikira kuti makilogalamu ofunika pa tsikulo nawo akwera. Mvula ikasiya mu Epulo, masamba nkuchepa, mayi uja amabweza dengu nkubwerera kumudzi kukasamala kamunda kake ka nandolo ndi chinangwa. Atsogoleri akamakhala pansi kukambirana malipiro a nyengo yotsatira, iye amakhala ali kwawo, dzina lake litachotsedwa kale m'kaundula wa esiteti.