Mphunzitsi akafunsa funso, adikire nthawi yaitali bwanji?

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wa ku Yunivesite ya Malawi, ku Chirunga kuja, akuphunzitsa za Nyanja ya Chilwa. Akufotokoza kuti mitsinje ya Domasi, Likangala ndi Phalombe imathira m'nyanjayi koma palibe mtsinje wotulutsa madzi. N'chifukwa chake madziwo ali ndi kamchere, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatana nyanja imaphwa, monga mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Zonsezi n'zoona, ndipo payenera kukhala wozinena momveka.

Koma kumbuyo kwa holoyo kwakhala mtsikana wa ku Kachulu. Iye anaona ndi maso mabwato ali pamatope ong'aluka, ndipo agogo ake anamuuza za mathamanda a m'mitsinje momwe milamba ndi matemba zimathawira. Kodi mphunzitsi walakwa ngati ola latha osamumva? Ine ndikuti walakwa, ngakhale sananame mawu amodzi.

M'zaka za m'ma 1970, Mary Budd Rowe wa ku America anapeza kuti aphunzitsi ambiri akafunsa funso amadikira sekondi imodzi yokha. Akapirira masekondi atatu, mayankho ankatalika, ndipo ana ofatsa aja ankayamba kuyankhula. Kwathu kuno nkhaniyi ndi yaikulu koposa, pakuti tinakula tikuuzidwa kuti mwana sathamangira kuyankha akulu. Kukhala chete kwa mtsikana uja ndi ulemu, si umbuli. Bahá'u'lláh amayerekeza munthu ndi mgodi wa miyala yamtengo wapatali. Wodziyankha yekha funso lake ndiye kuti waweruziratu kuti mu mgodiwo mulibe kanthu.

Wina anena kuti holo yadzaza, silabasi ndi yaitali, mayeso ali pafupi. N'zoona. Komabe mphunzitsi angathe kuuza ophunzira kuti akambirane awiriawiri kwa mphindi ziwiri, kapena alembe pakapepala chimene sanamvetse, iye n'kuyambira pamenepo mawa. Ndipo si zonse zochokera kwa agogo zimene zili zolondola; kukonza mwaulemu ndi ntchito yakenso.

Ifenso m'gulu lathu lophunzira timagwa m'mbuna yomweyi, makamaka amene tinawerengapo bukuli kale. Lero wotsogolera akafunsa funso, awerenge chamumtima mpaka zisanu asanatsegulenso pakamwa, tione amene ayankhe.