Makala anayi m'chitini

Ngati mawa kuli kophika nyemba, usiku ndisanagone ndimazisankha, kuzitsuka n'kuzinyika m'madzi. Ndi ntchito ya mphindi zisanu basi. M'mawa zimakhala zitatupa ndipo zimapsa msanga, pamene zouma zimatha kubwata pambaula mpaka dzuwa kufika paliwombo. Ndikatha kuphika, makala otsala sindiwasiya kuti anyeke okha. Ndimawapana n'kuwaponya m'chitini chakale, kuvindikira kuti azime, madzulo ndiwayatsenso. Poto sakhala pamoto wosavindikira, ndipo kumsika ndimapita ndi kadengu kuti tomato asandiikire m'jumbo.

Tsiku lina mwana wanga wamkazi, yemwe ali Folomu 3, adandipeza ndikupana makala ndipo adati: "Amayi, makala anu anayiwa ndiye apulumutse nkhalango? Malole odzaza matumba akudutsa pa Zalewa usiku uliwonse." Sadanene mwamwano. Amafunadi kudziwa, ndipo ine ndidasowa chomuyankha.

Pa masamu mwanayu sadalakwe. Mabanja ambiri a m'tauni muno timaphikira makala. Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe adalikhwimitsa mu 2020, limaletsa kuotcha ndi kugulitsa makala popanda chilolezo, koma matumba ali ndandanda m'mbali mwa msewu masanasana. Majumbo opyapyala boma lidawaletsa mu 2015, khoti lalikulu la apilo lidavomereza chiletsocho mu 2019, koma pitani mukaone mtsinje wa Mudi mvula ikagwa. Ngati lamulo lenilenilo likulephera, chitini changa n'chiyani?

Yankho langa loyamba lidali la ndalama. Ndidamuuza kuti thumba limene kale linkatha m'masabata anayi tsopano limafika asanu ndi limodzi. Adagwedeza mutu, poti iye ndi amene amabwera kudzapempha ya mayeso. Koma mumtima ndidadziwa kuti ndazemba. Iye adafunsa za nkhalango, ine ndidayankha za chikwama changa.

Ndipotu zonse ndimachitazi si nzeru zanga. Agogo anga kumudzi ku Chiradzulu ankasonkhera moto zitsononkho ndi mitengo ya nandolo akakolola. Phulusa linali la chidulo cha therere, lotsala n'kukwechera mapoto. Madeya ankapita kwa nkhuku, madzi otsukira mbale ankathirira mpiru kuseri kwa nyumba, ndipo botolo likalowa pakhomo pawo linkakalamba pomwepo. Mawu akuti kusintha kwa nyengo sadawamvepo. Zimandiseketsa kuti lero zomwezi zikutibwerera m'Chingerezi, m'misonkhano ya m'mahotela yokhala ndi madzi a m'mabotolo apulasitiki patebulo lililonse, ngati nzeru yachilendo. Agogo ankachita zimenezi chifukwa cha kusowa, n'zoona, komanso ankakhulupirira kuti kutaya chinthu chimene chikadali ndi ntchito ndi khalidwe loipa, ngakhale chinthucho chikhale chako.

Funso la mwanayu lidandikumbutsa mwezi wa Malichi 2023. Ife a ku Zingwangwa sitiiwala mvula ya namondwe Freddy, imene idagwa masiku angapo osakata, ndi matope ndi miyala zimene zidatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe anthu ali m'kati. Sindinganene kuti phirilo likadakhala ndi mitengo palibe akadafa. Mvula ija idali yoposa muyeso. Koma tonse tidali kuona phirilo likumetedwa chaka ndi chaka, nyumba zikukwera m'malo mwa mitengo. Maliro atatha ndidamva mafotokozedwe awiri. Ena ankati olakwa ndi mayiko olemera amene utsi wa mafakitale awo watenthetsa dziko, ife osauka tikungolipira ngongole ya eni. Ena ankati olakwa ndi odula mitengo ndi ootcha makala. Onse awiri ali ndi choonadi chake, makamaka oyambawo, poti utsi wa Malawi yense ndi kadontho poyerekeza ndi wa China kapena America. Chimene ndidaona n'chakuti mafotokozedwe onsewa amathera kunja kwa khitchini yanga.

Apa ndi pamene ndikuganiza kuti mwana wanga adafunsa funso limodzi pamene mafunso alipo awiri. Loyamba ndi lakuti: kodi chochita changa chisintha zinthu? Lachiwiri ndi lakuti: kodi dzanja langa lilimo? Pamaliro, mayi akabwera ndi kambale ka ufa, palibe amamufunsa ngati kambaleko kadyetse khamu lonse. Tonse tikudziwa kuti sikangakwane, koma amene sabweretsa kanthu timamudziwa, ndipo tsiku lake likafika amaona yekha. Chimodzimodzi amene wathyola chimanga chimodzi m'munda wa mnzake sangadziteteze pabwalo ponena kuti mundawo ndi waukulu. Makolo athu sankayeza mlandu ndi kukula kwa chinthu chokha. Ankafunsanso kuti watuma ndani. Mtengo umene ukugwa ku Neno kapena ku Mwanza ukugwa chifukwa wina ku Blantyre agula. Nkhwangwa ili m'manja mwa wina, koma womutuma ndine, ndipo ndimamulipira. Pa uvuni wadothi umene ootcha ambiri amagwiritsa ntchito, pamafunika nkhuni zolemera makilogalamu asanu kapena kuposa kuti patuluke kilogalamu imodzi ya makala. Ndiye khala limene ndalisiya kuti lisanduke phulusa pachabe ndi nthambi yathunthu imene ndidatuma munthu kukadula popanda chifukwa.

Ndikadakonda nkhaniyi ikadathera pamenepa, ine n'kutuluka woyera. Koma pali bambo amene amandigulitsa makala. Amakankha njinga yosenza matumba atatu kuchokera kutali kuseri kwa Chileka, kunyamuka usiku kuti afike kusanatenthe ndiponso asanakumane ndi olanda. Ataona kuti ndayamba kugula patalipatali adandifunsa: "Mayi, mwapeza wina wokupatsani?" Ndidati ayi bambo, ndikungosamala. Adaseka n'kunena kuti, "Kusamala kwanuko ndiye njala kwathu." Adandiuza kuti munda wawo sudabereke, feteleza sadamukwanitse, ndipo ana awiri ali pasukulu. Munthuyu sadana ndi mitengo. Amaidziwa mayina kuposa ine. Masabata awiri amene ndimapulumutsawo amachoka m'mbale ya ana ake, ndipo palibe nzeru imene ndapeza yofafanizira zimenezi.

Wina anganene kuti ingosiyani makala. Gasi ndidamuganizira, koma silinda ndi chitofu chake zimafuna ndalama yambiri pakamodzi, pamene makala ungagule a kapulasitiki kamodzi tsiku likavuta. Magetsi tili nawo, koma amadalira mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo dothi lokokoloka m'mapiri opanda mitengo limakathera komweko n'kutsamwitsa makina. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, magetsi adavuta kwa nthawi yoposa chaka, ndipo ngakhale a ma cooker adafukula mbaula zawo. Mitengo ikatha magetsi amavuta, magetsi akavuta timadula mitengo. Munthu mmodzi sangatuluke yekha m'bwalo limeneli ponyika nyemba.

Palinso choopsa china chimene ndadzigwira nacho. Tizizolowezi totere timanyengerera mtima. Ndidayamba kuyang'ana ndi diso loipa mayi woyandikana nane amene amaotcha zinyalala pamodzi ndi mapulasitiki madzulo alionse, kuiwala kuti kuno galimoto yotola zinyalala sifika, ndipo iye alibe malo okumba dzenje. Ndidazindikiranso kuti chiyambire kupita ndi kadengu kumsika sindidapiteko kumsonkhano uliwonse wa m'dera kukafunsa za zinyalalazo, ngati kuti gawo langa ndidalipira kale. Ngati chitini changa chili chongondigonetsa tulo tabwino, ndiye mwana wanga akunena zoona, ndipo mwina chikuononga kuposa kukonza.

Komabe sindinasiye, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Kuyambira pamene ndidayamba kugwira khala lililonse ndi chopanira, ndimaona zimene kale sindinkaona. Zaka zapitazo makala ankabwera olemera, a tsanya, olira ngati chitsulo ukawagwetsa pansi, ndipo ankayaka nthawi yaitali. Tsopano m'thumba mumadzaza timitengo tonga chala, topepuka, tothetheka msanga. Nkhalango ya ku Neno sindidaiponde, koma kutha kwake ndimakuwerenga m'manja mwanga. Munthu amene amangokhuthula thumba pambaula sangadziwe zimenezi, ndipo amene sadziwa sangakwiye, sangafunse phungu wake, sangadzale mtengo nyengo yodzala ikayamba mu Disembala. Chaka chatha ndidadzala mibawa iwiri kumudzi pamalo pamene padali nkhokwe ya agogo. Umodzi mbuzi zidadya.

Mwana wanga ndidamuuza zonsezi pang'onopang'ono, pa masiku angapo. Akuti sanakhutirebe, ndipo akuti akadzakula adzagula gasi basi. Koma masiku ano ndikaiwala, ndimapeza nyemba zili kale m'madzi. Ndikamufunsa amati akungofuna kuti ndiwo zizipsa asanabwere kusukulu.

Loweruka lapitali bambo aja adabweranso. Ndidagula thumba limodzi, ndipo poti kudali kozizira ndidawapatsa tiyi ndi mbatata. Ali kumwa ndidawafunsa kumene akutenga mitengo masiku ano. Adaloza ndi chibwano chakumadzulo n'kunena kuti pafupi ponse padatha, tsopano akuoloka Shire, ndipo m'malo monyamuka tambala woyamba akunyamuka anthu akungogona kumene. Adamaliza tiyi, adamanganso matumba awiri otsalawo, n'kundifunsa kuti abwerenso liti. Ndidawerenga masabata pa zala, ndidafika pa asanu ndi limodzi, koma pakamwa padatuluka asanu.