Za Mwana Wokana Nsomba ya Atate Wache

Mlandu wina unatipeza mwezi wathawu m'mudzi wina wa kufupi ndi Chintheche, ndipo tiyesa kuti nkwabwino tiusinkhe pamodzi.

Mnyamata wina, mwana wa msodzi, anabwera kwao atakhala zaka zisanu ku Johannesburg. Amache anaphika kondowole, atate wache nasankha batala wonona woposa onse a m'bwato. Koma mnyamatayo anati, "Ada, mundikhululukire. Ine ndinaleka nyama, nsomba, mazira ndi mkaka womwe, pakuti sindifuna kuti cholengedwa chisauke chifukwa cha mimba yanga." Nkhalambayo inanyamuka pamphasa, niti, "Bwato lomwe linakulipirira sukulu, lero walinyoza?" Kufikira tsopano awiriwa sanadyere pamodzi. Kodi wachimwa ndani?

Poyamba tidziwe kuti mnyamatayu sanapenge iai. Ku Mangalande, m'chaka cha 1944, Donald Watson ndi anzache anayamba bungwe la Vegan Society, la anthu osadya kanthu kalikonse kochokera ku nyama, ndipo lero otsata njira imeneyi apezeka m'maiko ambiri. Ena a iwo afika ku Kande kudzaona nyanja, napempha nyemba m'malo mwa chambo. Ngakhale kwathu kuno, abale a Sabata a ku Luwazi sadya nkhumba, kapena mlamba ndi kampango popeza zilibe mamba, ndipo takhala nawo mwamtendere zaka zambiri.

Nanga Malembo atiphunzitsa chiyani? Pa Genesis 1 munthu anapatsidwa mbeu ndi zipatso, ndipo chitatha chigumula Nowa analoledwa nyama. Danieli anakana zakudya za mfumu ku Babulo, nadya zomera, osachimwa. Ambuye wathu atauka kwa akufa anakonzera ophunzira ache nsomba pamakala m'mbali mwa nyanja, monga tichita ife pagombe pano. Chotero kudya si tchimo, ndipo kuleka si tchimo. Tchimo limene Paulo alitsutsa pa Aroma 14 ndilo kunyozana ndi kuweruzana chifukwa cha zakudya.

Tsono kwa atate tinena chotere: chimene munafuna kupatsa mwana wanu ndicho chikondi, ndipo batala anali mbale chabe yochinyamulira. Ngati mbale imeneyo sangailandire, kodi mudzataya ndi chikondi chomwe? Amai athu adziwa kusinja chigwada, kuchiphika nthawi yaitali ndi kuchitendera ndi nsinjiro. Adziwa nkhwani, nyemba ndi bowa wa m'dzinja. Izi si ndiwo za Azungu, nzathu zomwe. Kuchereza koona ndiko kufunsa chimene mlendo angathe kudya ndi mtima woyera.

Kwa mwana tinenanso mau, ndipo ngolemera. Inu mukana nsomba popeza muli nako kusankha. Mkazi wamasiye wa pafupi ndi kwanu adya chigwada sabata yonse chifukwa alibe ndalama ya usipa, ndipo palibe amtama kuti ngwachifundo. Chifukwa chache musadzikuze, kapena kuyesa atate wanu wakupha. Iwo anagona panyanja ndi nyali ndi chilimira, pa mwera ndi pa mvula, kuti inu muphunzire kuwerenga mabuku omwe anakutembenuzani mtima. Kumbukiraninso kuti kondowole akhutitsa mimba koma samanga thupi. Mwana wamng'ono afuna nyemba, mtedza, kapena usipa wodyedwa ndi minga yache. Ndipo wosiya zonse za nyama asowa vitamini B12, imene sipezeka m'ndiwo zamasamba, nayenera kuifuna ku mankhwala. Lumbiro lanu likhale lanu. Musalisenzetse ang'ono anu.

Koma ife tonse akudya nsomba, tisapite osadziyesa. Chifundo cha mnyamatayu chitichititsa manyazi pa chinthu chimodzi. Ndani sanaone neti zopewera udzudzu zikukokedwa m'madzi osaya, zodzala ndi tiana ta nsomba? Ndani sadziwa kuti chambo chachepa poyerekeza ndi masiku a makolo athu? Mulungu anatiloleza kudya za m'nyanja, koma sanatiloleze kuipululutsa. Wokana nsomba atikumbutsa kuti nyanja ili ndi Mwini wache.

Uthenga Wabwino unakhazikika ku Bandawe m'chaka cha 1881, pamene Dotolo Robert Laws anasamutsirako misyoni kuchokera ku Cape Maclear. Ngati patapita zaka zonsezi ndiwo zikhoza kulekanitsa atate ndi mwana, taphunziranji? Tapempha banjalo kuti Lamulungu likudzali akhale pamphasa imodzi, ndi mbale imodzi ya kondowole ndi mbale ziwiri za ndiwo, ndi kuti atate ayamike Mulungu pa zonse ziwiri. Muwapempherere, abale, ndipo muyang'anenso m'nyumba zanu.