Masamba akuyoyoka, Asr nayo ikuthawa

Inu a ku Leicester, mwezi uno kayendeniko ndi anzanu ku Abbey Park, m'mbali mwa mtsinje wa Soar. Mitengo yafiira, masamba ali mbwee m'njira, maluwa a m'minda muja ayamba kufota. Subhanallah! Masamba onsewo palibe lomwe lagwa Allah osadziwa, monga ikutikumbutsira Surah Al-An'am ndime 59.

Koma tamvani achinyamata. Mawotchi akabwezedwa ndi ola limodzi kumapeto kwa Okutobala, dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane. Macheza akakoma, uku mukujambulana, Asr imadutsa osaiona. Nyamukani kunyumba muli ndi wudhu, mmodzi atengeko kansalu koswalirapo. Kapinga amakhala wonyowa, inde, koma malo oswalira anthu anayi sangasowe.